Thupi Lili ndi Malire: Momwe Matimu a NFL Amalimbanirana ndi Kuvulala kwa Osewera

Mpira wa ku America, umene eni ake amangoutchula kuti football, umasiyana kutali ndi mpira wamiyendo. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, amaunyamula ndi kuuponya ndi manja, ndipo njira yaikulu yoimitsira mdani ndi kumugwetsa pansi. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Wotchi ya masewero imawerenga mphindi 60, owonerera amakhala pampando maola atatu, koma nyuzipepala ya Wall Street Journal itawerengera mu 2010 inapeza kuti nthawi imene mpira umakhala ukuyendadi ndi mphindi pafupifupi 11 zokha. Masewerowa amayenda modukizadukiza. Osewera amafola mizere iwiri moyang'anizana, mpira ukangochoka pansi amagundana kwa masekondi ochepa, kenako amadzuka n'kukafolanso. Ambiri mwa amene amaima pamzere wakutsogolo amalemera makilogalamu 140 kapena kuposerapo, pomwe othamangira mpira amafika liwiro la makilomita oposa 30 pa ola. Matupi olemera chotero akamawombana pa liwiro lotero kambirimbiri tsiku limodzi, kuvulala sikusowa.

Ligi yaikulu ya masewerowa ndi National Football League, mwachidule NFL, yomwe ili ndi matimu 32. Timu iliyonse imaloledwa kukhala ndi osewera 53 pamndandanda waukulu. Kuyambira mu 2021 timu imasewera masewero 17 m'masabata 18, kuchokera mu Sepitembala mpaka mu Januwale, ndipo imapuma sabata imodzi yokha. Ligi inaikanso malire a ndalama zimene timu ingawononge pa malipiro a osewera, ndipo malipiro a wovulala amawerengedwabe m'malirewo. Choncho timu yolemera singangotulutsa ndalama n'kugula katswiri wina pamene wake wagona m'chipatala. Imene yafika mu Januwale akatswiri ake akuyenda ndi miyendo yawo ndiyo imakhala ndi mwayi wa chikho. N'chifukwa chake matimu amalemba ntchito gulu lonse la anthu oyang'anira matupi: madokotala a mafupa, akatswiri othandiza ovulala pabwalo, aphunzitsi olimbitsa thupi, odziwa za kadyedwe ndi ena ongowerengera manambala pakompyuta.

Sabata ya wosewera

Masewero ambiri amachitika Lamlungu, ndipo sabata yonse imakonzedwa mozungulira tsikulo. Lolemba ndi tsiku lopimidwa, kuwongola thupi ndi kuonera kanema wa masewero adzulo lake. Lachiwiri nthawi zambiri ndi lopuma. Lachitatu ndi Lachinayi ndi masiku a zokonzekera zolemera, Lachisanu ntchito imapepuka, ndipo Loweruka osewera amangoyenda pang'onopang'ono m'bwalo kukumbutsana mapulani asananyamuke ulendo. Osewera achikulire ambiri amapatsidwa Lachitatu kuti apume ngakhale asanavulale. Ligi imalamulanso timu iliyonse kulengeza poyera amene sanachite nawo zokonzekera, amene anachita pang'ono ndi amene akukayikitsa kuti asewera.

Dongosololi limasokonekera pamene timu yasewera Lamlungu n'kupatsidwanso masewero a Lachinayi usiku. Pakati pamakhala masiku atatu okha, mikwingwirima isanaphwe n'komwe. Akuluakulu a ligi amanena kuti ziwerengero zawo sizionetsa kuti anthu amavulala kwambiri Lachinayi. Osewera ambiri amayankha kuti ziwerengerozo zimangowerenga amene wathyoka, siziwerenga amene walowa m'bwalo thupi likuphwanya. Mbali zonse ziwiri zingakhale zikunena zoona, koma amene amadzuka Lachisanu m'mawa n'kulephera kumanga nsapato ndi wosewerayo.

Phunziro la m'bindikiro

Nthawi yoopsa kwambiri pa minofu ndi mitsempha ndi masabata oyambirira a m'bindikiro wokonzekera sizoni, chakumapeto kwa Julayi, pamene ku America kukutentha. Kale aphunzitsi ankakhulupirira kuti m'bindikiro ndi malo osefera amuna olimba. Osewera ankagundana kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana, atavala zodzitetezera zonse. Pa 31 Julayi 2001, Korey Stringer, wosewera wa Minnesota Vikings wolemera makilogalamu oposa 150, anagwa atamaliza zokonzekera za m'mawa ku Mankato. Pofika kuchipatala thupi lake linali litatentha kupitirira madigiri 42. Anamwalira usiku womwewo, kukucha pa 1 Ogasiti, ali ndi zaka 27. Imfa yakeyo inasintha momwe matimu amaonera kutentha. Lero pambali pa bwalo la zokonzekera pamakhala mabafa akuluakulu a madzi a ayezi, chifukwa madokotala anatsimikiza kuti munthu amene thupi lake latentha mopitirira ayenera kumizidwa m'madzi ozizira pomwepo, ulendo wa kuchipatala uzibwera pambuyo. Osewera amakwera sikelo asanayambe zokonzekera ndiponso akamaliza, kuti zidziwike kuti ataya madzi ochuluka bwanji m'thukuta. Mu 2010 ku University of Connecticut kunatsegulidwa Korey Stringer Institute, yomwe imafufuza za imfa zadzidzidzi pa masewero.

Phunziro lina linabwera mu 2011. Chaka chimenecho eni matimu ndi osewera anakangana pa za ndalama, ndipo eni matimu anatseka zipata kuyambira mu Malichi mpaka mu Julayi. Osewera anakhala miyezi inayi osaonana ndi aphunzitsi ndi madokotala a timu. Mkangano utatha analowa m'bindikiro mothamanga, ndipo m'masiku 12 oyambirira osewera 10 anaduka mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene, umene madokotala amautcha Achilles. Wosewera akaduka mtsempha umenewu, nthawi zambiri sizoni yake imathera pomwepo. Zinaonetsa poyera kuti thupi limavulala likapatsidwa ntchito yolemera mwadzidzidzi lisanazolowere, monga momwe manja a mlimi amene wakhala chilimwe chonse osagwira khasu amatulukira matuza tsiku loyamba kumunda.

Mgwirizano umene unathetsa mkanganowo unaletsa kugundana kawiri pa tsiku, ndipo unalamula kuti mkati mwa sizoni timu isachite zokonzekera zovala zodzitetezera zonse koposa ka 14. Mgwirizano wotsatira wa 2020 unaonjezera kuti masiku asanu oyambirira a m'bindikiro akhale ozoloweretsa thupi, opanda kugundana, ndiponso kuti zokonzekera zogundana m'bindikiro monse zisapitirire 16. Aphunzitsi ena achikale amadandaula kuti achinyamata akulowa m'masewero asanaphunzire kugwetsa mdani bwino, ndipo dandaulolo lili ndi mutu. Katswiri wa sayansi ya masewero wa ku Australia, Tim Gabbett, analemba mu 2016 kuti wosewera wochita zokonzekera zochepa kwambiri amavulalanso, chifukwa thupi lake silikhala lokhwima pa tsiku la nkhondo. Chomwe chimapweteka ndi kulumpha kuchoka pa ntchito yochepa kupita pa yambiri. Akatswiri anzake anatsutsa masamu ena amene iye anagwiritsa ntchito, koma mfundo yokweza ntchito pang'onopang'ono inakhazikika.

Makina owerenga thukuta

Kuti ntchito ikwezedwe pang'onopang'ono, iyenera kuyamba yayezedwa. M'zodzitetezera za pamapewa za wosewera aliyense wa NFL mumakhala tizipangizo ting'onoting'ono ngati ndalama yachitsulo, topangidwa ndi kampani ya Zebra Technologies. Timatumiza uthenga wa pamene wosewerayo ali ka 10 pa sekondi iliyonse. Pa zokonzekera, matimu ambiri amaveka osewera kachovala kothina kokhala ndi kachipangizo pakati pa mapewa, kowerenga mtunda umene wathamanga, kangati wafika pa liwiro lake lonse, kangati waima mwadzidzidzi kapena kukhota. M'chipinda cholimbitsira thupi muli mbale zachitsulo zimene wosewera amadumphapo, ndipo kompyuta imaonetsa ngati mwendo wina ukukankha mofooka kuposa unzake. Kusiyana kotere kukhoza kuoneka wosewerayo asanayambe kumva ululu.

Mmodzi mwa aphunzitsi amene anatchukitsa njira zimenezi ndi Chip Kelly, amene atafika ku Philadelphia Eagles mu 2013 anabwera ndi woyang'anira sayansi ya masewero, zipangizo zoyezera tulo ndi zakumwa zokonzedwa malinga ndi thupi la wosewera aliyense. Ambiri anamuseka, koma patangopita zaka zochepa matimu anzake anali akuchita zomwezo. Sean McVay wa Los Angeles Rams anadziwika ndi khalidwe losaseweretsa akatswiri ake m'masewero opimana mphamvu a mu Ogasiti, poona kuti palibe chifukwa chotayira bondo la munthu pa masewero osawerengedwa mu ligi. Mu 2019 ligi inagwirizana ndi Amazon Web Services kupanga pulogalamu yotchedwa Digital Athlete, imene imasonkhanitsa kanema ndi manambala a osewera onse n'kuchenjeza timu za amene ntchito yawachulukira.

Vuto limene limadya masiku ambiri a osewera ndi losamveka kutali: kukokeka kapena kung'ambika kwa minofu ya kuseri kwa ntchafu. Limakonda othamangira mpira ndi amene amawalondera, ndipo limabwera pamene munthu ali pa liwiro lake lonse. Owonerera amangoona wosewera akudumpha ndi mwendo umodzi, dzanja lili kuseri kwa ntchafu, popanda womukhudza. Choipa chake n'chakuti limabwereranso, makamaka kwa amene wathamangira kubwerera m'bwalo. Mu 2021 NFL inapereka madola 4 miliyoni ku gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi University of Wisconsin kuti lifufuze za vutoli. Komabe imodzi mwa njira zodalirika zolipewera siifuna makina alionse. Wosewera amagwada, mnzake n'kumugwira akakolo mwamphamvu, ndiye iye amagwa chakutsogolo pang'onopang'ono thupi lili chowongoka, akudziletsa ndi minofu ya kuseri kwa ntchafuyo mpaka manja atafika pansi. Njirayi, imene imatchedwa Nordic, inayesedwa kwambiri pa osewera mpira wamiyendo ku Ulaya ndipo inachepetsa kuvulala kotere. Njira ina ndi yodabwitsa kwa ambiri: wosewera ayenera kuthamanga pa liwiro lake lonse kangapo mkati mwa sabata, kuti Lamlungu mnofu usakumane ndi chachilendo.

Mutu

Bondo likaduka mtsempha madokotala amalikonza, ndipo patatha miyezi isanu ndi inayi kapena chaka munthu amabwerera. Ubongo ulibe opaleshoni yotero. Mu 2002 Mike Webster, katswiri wakale wa Pittsburgh Steelers, anamwalira ali ndi zaka 50 atavutika zaka zambiri ndi kuiwala komanso kusokonezeka maganizo. Dokotala wopima mitembo, Bennet Omalu, wobadwira ku Nigeria, anapima ubongo wake ndi kupeza matenda obwera chifukwa chogundidwa m'mutu mobwerezabwereza, odziwika ndi zilembo zakuti CTE. Atafalitsa zimene anapeza mu 2005, madokotala a ligi anamutsutsa ndi kufuna kuti zolembazo zichotsedwe. Panapita zaka 11 kuti mkulu wina wa NFL avomere pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya America, mu 2016, kuti pali kugwirizana pakati pa masewerowa ndi matendawa. Mu 2017 ofufuza a ku Boston University anapima ubongo wa anthu 111 amene anasewerapo mu NFL ndipo anapeza CTE mwa 110. Chiwerengerochi chiyenera kumvedwa bwino: ubongowo unaperekedwa ndi mabanja amene ambiri anali ataona kale zizindikiro mwa abale awo, choncho sichikutanthauza kuti wosewera aliyense adzadwala. Koma chinatseka pakamwa onse amene ankati vutoli kulibe.

Lero pa masewero alionse pamakhala madokotala a ubongo osalembedwa ntchito ndi timu. Pamwamba pa bwalo pamakhalanso akatswiri oonera kanema, amene kuyambira mu 2015 ali ndi mphamvu youza woyimbira kuti aimitse masewero ngati aona wosewera akuoneka wosokonezeka. Wokayikitsayo amalowa mu kahema ka buluu kamene kamaimikidwa pambali pa bwalo, n'kufunsidwa mafunso ndi kupimidwa maso ndi kayendedwe. Akapezeka kuti ubongo wagwedezeka sabwereranso tsikulo, ndipo amadutsa masitepe asanu asanaloledwe kusewera, chilolezo chomaliza chikuchokera kwa dokotala wapadera.

Zipewa zolimba zimene osewera amavala zimayesedwa chaka ndi chaka ndi ligi pamodzi ndi bungwe la osewera la NFLPA, ndipo zolephera mayeso zimaletsedwa. Mu 2022 ligi inalamula osewera a m'malo ogundana kwambiri kuvala chophimba chofewa pamwamba pa chipewa m'bindikiro, chotchedwa Guardian Cap, ndipo mu 2024 inalola wofuna kuchivala pa masewero enieni. Chipewa chimateteza chigaza, koma ubongo umagwedezekabe mkati mutu ukaima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake kusintha malamulo kumathandiza koposa kusintha zovala. Mu 2018 kunaletsedwa kuweramitsa mutu n'kugunda mdani ndi chipewa. Mu 2024 kunaletsedwa kagwetsedwe kogwira mdani m'chiuno n'kumugwera pamiyendo ndi thupi lonse, kamene kamathyola akakolo ndi mawondo. Chaka chomwecho ligi inasinthanso kayambidwe ka masewero. Kale mpira ukamenyedwa ndi phazi poyamba masewero, osewera ankathamanga mtunda wautali n'kukawombana pa liwiro lonse. Tsopano magulu awiriwo amaima motalikirana mamita osakwana asanu, ndipo sasuntha mpaka mpira utagwidwa kapena utagwa pansi.

Pansi popondapo

Pafupifupi theka la mabwalo a NFL ali ndi kapinga wochita kupanga, amene eni mabwalo amamukonda chifukwa salira kuthirira ndipo bwalo limatha kuchititsa zoimbaimba Loweruka ndi mpira Lamlungu. Osewera ambiri samufuna. Amati nsapato ikaluma kapinga weniweni dothi limagumuka n'kumasula phazi, pomwe pa wochita kupanga phazi limakanirira ndipo chimene chimagonja ndi bondo kapena kakolo. Mu 2020 bungwe la NFLPA linanena kuti ziwerengero za 2012 mpaka 2018 zinaonetsa kuti kuvulala kwa miyendo kopanda kugundana kunali kochuluka ndi 28 peresenti pa kapinga wochita kupanga. Ligi imayankha kuti m'zaka zina kusiyanako kumakhala kochepa kwambiri. Mkanganowu unakula pa 11 Sepitembala 2023, pamene Aaron Rodgers anaduka mtsempha wa kuchidendene pa bwalo la MetLife atangosewera mphindi zochepa m'masewero ake oyamba ndi New York Jets. Osewera anakumbutsanso kuti FIFA inalamula kuti masewero a World Cup ya 2026 achitikire pa kapinga weniweni, ndipo eni mabwalo omwewo anavomera kudzala kapinga chifukwa cha alendo.

Amene ali ndi mawu omaliza

Makina angathe kuonetsa kuti wosewera watopa, koma sangamutulutse m'bwalo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Dokotala wa timu amalipidwa ndi timu. Mphunzitsi amadziwa kuti akagonja kangapo ntchito imutha. Wosewera nayenso ali ndi chifukwa chobisira ululu, poti makontirakiti ambiri a NFL satsimikizira ndalama zonse, ndipo kumbuyo kwake kuli wachinyamata amene akudikira malo akewo. Kwa zaka zambiri jakisoni wopha ululu wa Toradol ankabayidwa kwa osewera masewero asanayambe, mpaka osewera akale anakasuma kukhoti kuti mankhwala otere ankawabisira kuvulala kumene kunkakulirakulira.

Pa 6 Januwale 2013, Robert Griffin III, woponya mpira wa timu ya Washington wazaka 22, analowa m'masewero a ndime yachipulula ndi Seattle Seahawks bondo lake lili lovulala kale. Dziko lonse linamuona akutsimphina, koma iye anafuna kupitiriza ndipo mphunzitsi wake anamulola. Chakumapeto kwa masewero bondolo linapindika popanda womugunda. Anachitidwa opaleshoni ya mitsempha, ndipo sanabwererenso pa ukatswiri umene anaonetsa m'chaka chake choyamba. Pa 25 Sepitembala 2022, Tua Tagovailoa wa Miami Dolphins anamenyetsa mutu pansi, anadzuka akudzandira, koma anabwereranso m'bwalo timu itanena kuti vuto linali msana. Patapita masiku anayi, Lachinayi usiku ku Cincinnati, anamenyetsanso mutu ndipo anatuluka pa machira, zala zitauma patsogolo pa nkhope. Mwezi wotsatira lamulo linasinthidwa: wosewera wodzandira chifukwa cha vuto la ubongo sabwereranso tsikulo. Malamulo analipo kale nthawi zonse ziwirizi, ndi madokotala omwe. Chimene chinasowa ndi munthu wokana.

Ena amadzikanira okha. Mu Ogasiti 2019 Andrew Luck wa Indianapolis Colts, mmodzi mwa oponya mpira aluso kwambiri a nthawi yake, anasiya masewero ali ndi zaka 29, atatopa ndi moyo wovulala, kuchira ndi kuvulalanso. Ena mwa ochemerera timu yake anamukuwiza pamene ankatuluka m'bwalo usiku umene nkhaniyi inamveka.

Pamene dongosolo lapatsidwa mphamvu zonse, limagwira ntchito. Pa 2 Januwale 2023, Damar Hamlin wa Buffalo Bills, wazaka 24, anagundidwa pachifuwa ku Cincinnati, anaimirira, kenako anagwa chagada mtima utaima. Achipatala anafika pa iye m'masekondi ochepa, mmodzi wa iwo, Denny Kellington, n'kuyamba kumupsinja pachifuwa, ndipo makina odzutsa mtima anali pomwepo. Sizinachitike mwamwayi. Timu iliyonse imayeserera za ngozi zotere sizoni isanayambe, ndipo achipatala a mbali zonse amakumana kukatsala ola limodzi kuti masewero ayambe, kugawana ntchito. Hamlin anachira ndipo anaseweranso chaka chomwecho.

Katundu wolemera kwambiri pa thupi la wosewera ndi masewero enieniwo, ndipo ameneyo akuchulukirachulukira. Mgwirizano womwewo wa 2020 umene unachepetsa kugundana m'bindikiro ndi umenenso unatsegula njira yoonjezera masewero kuchoka pa 16 kufika pa 17. Matimu tsopano amauluka kukasewera ku London, ku Germany ndi ku Brazil, ndipo mkulu wa ligi, Roger Goodell, wanena poyera kuti angakonde masewero 18. Timu ingayeze tulo, thukuta ndi liwiro la wosewera aliyense, koma singachotse ngakhale Lamlungu limodzi pa kalendala imene eni matimu ndi makampani a wailesi yakanema agwirizana. Ngati ligi ikufunadi masewero 18, iyenera kuyamba yapereka sabata yachiwiri yopuma, kapinga weniweni m'mabwalo onse, ndi madokotala amene mphunzitsi kapena mwini timu sangawachotse ntchito chifukwa chokhazika katswiri pabenchi.